Matikiti Atatu Opita Kokha

Siteshoni ija anaimanga koleji isanabwere, nthawi imene sitima zinkangonyamula matabwa. Masiku ano pamaima ziwiri basi, yam'mawa ndi yamadzulo. Mtsikana wogulitsa matikiti anali atakhala pazenera lake zaka zinayi, ndipo ophunzira onse ankangomuitana kuti Achemwali.

Lachisanu lina sitima itachedwa, panafika mphunzitsi wa pakoleji paja.

"Ifika nthawi yanji, achemwali?"

"Ndikanadziwa zimenezo bwenzi ndili bwana."

Mphunzitsiyo anaseka, ndipo sanachoke pazenerapo mpaka sitima inalira. Kuyambira pamenepo ankakwera Lachisanu lililonse, akuti kukaona mayi ake odwala. Sitima isanazimiririke, uthenga unali utalowa kale pafoni: "Wapamtima wanga, ndakusowa kale."

Tsiku lina analemba kuti, "Chaka chikatha ndikaonekera kwa amalume ako. Ndiwe wekha, duwa langa."

Mtsikanayo anauza mayi ake. Mayi ake anauza azakhali.

Lachitatu lina m'mawa kunabwera mayi wobereka khanda, atagwira kamtsikana padzanja.

"Mundipatse matikiti atatu a Loweruka, opita kokha. Khandali sililipira eti? Tilinso ndi katundu wa m'nyumba, bedi ndi mabuku."

"Mukusamuka?"

"Bambo a anawa apeza ntchito kukoleji ina kufupi ndi kwathu. Ndabwera kudzawalongedzera. Amuna paokha, mukuwadziwa."

Mtsikanayo anamupatsa fomu ya katundu. Itabwerera, anawerenga dzina la mwini katunduyo kawiri. Nambala ya foni sanafunike kuiwerenga yonse, ankaidziwa pamtima.

Anadinda matikiti atatu aja, imodziimodzi, n'kuwakankhira kunsi kwa galasi.

"Kamwanaka kafanana ndi bambo ake," anatero.

"Mumawadziwa?"

"Amakwera pano."

"Mwandithandiza, m'bale wanga. Mulungu akupatseni banja labwino."

Mayiyo atangotuluka, foni inalira m'kabati. "Kamtima kanga, Loweruka lino ndili ndi msonkhano. Tionane Lolemba."

Anauyang'ana uthengawo nthawi yaitali. Alire? Misozi yake sinkabwera. Ankangomva wotchi ya pakhoma ndi tsache la mlonda panja.

Kenako analemba: "Katundu wanu abwere Lachisanu m'mawa kuti timuyeze pasikelo. Bedi mumasule."

Foni inayamba kuitana. Inaitana, n'kuduka, n'kuyambanso. Anaiika m'kabati n'kutseka.

Pazenera panali pataima wophunzira wina ndi chikwama kumsana.

"Achemwali, muli bwino koma?"

"Mukupita kuti?" anamufunsa.