Kompyuta Yodzuka Yokha ya ku Kanyama

Chimene Mwanaima anayamba kuchiona chinali kufunda. M'mawa wina wa mwezi wa Julayi, chisanu chikuluma zala ndipo mphepo ikukankhira fumbi la m'komboni ya Kanyama pansi pa chitseko, iye anachotsa chitenje chimene ankafunditsa kompyuta yake, n'kupeza chitsulocho chili chofunda ngati pamene pangodzuka munthu. Anali atazimitsa yekha dzulo lake madzulo. Anaikapo chikhatho kachiwiri, n'kuyang'ana loko wa pachitseko. Loko anali m'malo mwake.

Mwanaima anali mkazi wamasiye, wobadwira ku Kanyama komweko ngakhale makolo ake anali ochokera ku Mangochi. Chipinda chakutsogolo cha nyumba yake anachisandutsa shopu. Munali foni yoimbitsa anthu, makina osindikizira, ndi kompyuta imodzi yakale yochokera ku kampani ina imene inatsekedwa m'zaka zija makampani ankagulitsidwa. Chakacho chinali 2003, ndipo anthu ankabwera kudzalembetsa zofunsira ntchito, mapulogalamu a maliro, ena kudzatumiza imelo kwa abale awo akutali.

Amene ankamuthandiza kutaipa anali Maggie, mtsikana wa ku Kalingalinga amene anafika pakhomopo ndi kachikwama kamodzi komanso chipsera pamwamba pa diso. Anali atathawa mwamuna wake, Lazarous, ndipo anali woyembekezera. Za mimbayo ankadziwa ndi Mwanaima yekha, komanso Towela, mkulu wake wa Maggie, amene ankagwira ntchito pa shopu ina ku Chipata. Maggie ndi Towela ankalemberana maimelo. Maggie sankapita kutali ndi nyumba, ndipo akamva mapazi a mwamuna akuima pakhonde ankaleka kupuma.

Mwanaima atatchula za kufundako, anthu a pabenchi ya makasitomala anaigwira nkhaniyo ngati fupa.

"Ni vairasi iyo," anatero mnyamata wina amene ankadikira kuimba foni. "Banakamba pa wailesi ati yavuta maningi kunja uko, makompyuta yazima yeka."

"Manje iyi siyizima, iuka," anayankha mayi wina wogulitsa makala. "Nanga iyo vairasi, siingagwile munthu?"

Ba Sultan, amalume ake a Mwanaima, mmisiri wosula zidebe amene ankakhala nyumba yoyandikana, anangopukusa mutu. "Mwana wanga, chitsulo ndimachidziwa ine. Chitsulo sichidzuka chokha. Chikadzuka, pali dzanja."

Mwanaima anaseka nawo, koma za vairasi sanazikhulupirire. Masabata angapo m'mbuyomo kunabwera mwamuna wina waulemu, wovala tayi, amene anati dzina lake ndi Isaiah ndipo amakonza makompyuta m'makomboni. Anaika chotetezera ku vairasi, anapempha pasiwedi kuti ayesere zonse, n'kutsimikiza kuti tsopano palibe chingalowe. Tsikulo Maggie anali kusikelo.

Usiku wotsatira kufunda kuja, Mwanaima anadzidzimuka kutulo osadziwa chamudzutsa. Kunja agalu anali chete, nyimbo za kumabala zitatha. Kenaka anazindikira kuti anali atamva foni. Inalira kamodzi kokha, n'kusiya. Anadikira kulira kwachiwiri koma sikunabwere. M'malo mwake, kuseri kwa katani yolekanitsa chipinda chogona ndi shopu, kunamveka kang'ung'udza kapansipansi, kenaka kulira kuja kumene kompyuta imalira ikamalumikizana ndi lamya: mluzu woonda, kukhwekhwereza, ndi phokoso ngati la munthu amene akumutsamwitsa. Masana phokosoli ankalimva tsiku ndi tsiku osalilabadira. Mumdima linali ndi mawu ena.

"Ba Mwanaima," Maggie ananong'ona pamphasa pake, "mwamvela?"

"Namvela. Gona chabe."

Palibe anagona. Kuwala kobiriwira kunatulukira pansi pa katani, kunakhala pamenepo nthawi yaitali, kenaka kunazima kokha.

Usiku wachiwiri anagwirizana zoti aone. Anakhala pabenchi ya makasitomala atafundana bulangete limodzi, nyali itazimitsidwa, Mwanaima akuwerenga pamtima mapemphero ake, Maggie atagwira Baibulo. Makoswe ankathamanga padenga. Tulo titayamba kuwaba, foni inalira kamodzi. Kompyuta inapuma ngati munthu wotembenuka pabedi, sikirini inayera, ndipo kamuvi kaja koyera kanayamba kuyenda.

Mausi inali phee patebulo, onse awiri akuiona. Koma kamuviko kanakwera pang'onopang'ono, kanaima, kanabwerera pang'ono monga dzanja limachitira likaphonya, n'kutsegula mosungira zithunzi. Nkhope zinayamba kudutsa: akufa a m'mapulogalamu a maliro, akwati, ana a sukulu. Sikanachedwe pa aliyense wa iwo. Katafika pa chithunzi cha Maggie, chimene anajambulitsa kuti atumizire mkulu wake, kanaima. Chithunzicho chinakula, chinakulanso, mpaka pasikirini ponse panatsala diso limodzi ndi chipsera chake.

Maggie analuma bulangete kuti asakuwe. Kamuviko kanatsegula maimelo ake n'kumawatsitsa mzere ndi mzere, modekha, ngati munthu wopanda kothamangira. Pomaliza kanatsegula tsamba loyera, ndipo zilembo zinayamba kutuluka chimodzichimodzi popanda batani lililonse kutsika.

WAGONA?

Mwanaima anadumpha n'kuzula chingwe cha magetsi kukhoma. Mdima unawagwera. Ankangomvana kupuma.

Kutacha, potsegula chitseko, Mwanaima anapeza kanthu koyera pakhonde. Inali shawelo ya khanda, yatsopano, yopindidwa bwinobwino, atatsindikirapo mwala kuti isauluke. Maggie ataiona anakhala pansi pomwepo. Masiku ochepa m'mbuyomo anali atalembera Towela kuti mwanayo adzafika wopanda ngakhale chofunda. Sanauzepo munthu wina aliyense.

Kuyambira tsiku limenelo Maggie anasiya kudya. Chilichonse cholowa mkamwa chinkabwerera, maso analowa mkati, ndipo masana ankanjenjemera ngati wamalungo ngakhale thupi silinkatentha. Mwanaima ankazula chingwe cha magetsi madzulo aliwonse, koma zimenezo zinangosintha mtundu wa mavuto. Foni inkalira kamodzi, n'kudikira. Kenaka inkaliranso, n'kuliranso, mpaka tambala. Akainyamula ankamva mluzu woonda uja ukumubaya m'khutu. Atazulanso chingwe cha foni, nyumba inakhala chete, koma chetechete ameneyo anali woipa kuposa, chifukwa usiku wina anamva mapazi akuyenda mofatsa kuseri kwa nyumba, n'kuima pansi pa zenera.

Makoma a mukomboni ali ndi makutu. Anthu oyandikana anali atamva kulira kwa usiku kuja, ataonanso mmene Maggie ankathera. Pampopi zinkamveka kuti kompyuta ya Mwanaima imalankhula ndi a satana kunsi kwa nyanja. Ena ankati aliyense amene chithunzi chake chalowamo, magazi ake amapita pa lamya. Mayi wina anabwera kudzalanda chithunzi cha malemu amuna ake, akulankhula ali panja. Benchi inakhala yopanda munthu. Madzulo ena mwala unagwa padenga.

"Akunena zoti awotche chinthucho," Ba Sultan anamuuza motsitsa mawu. "Moto sudziwa kuti ichi ndi chitsulo, iyi ndi nyumba. Itana uja anakonza uja, achione."

Mwanaima anaimbira Isaiah pa nambala imene anamusiyira. Anayankha msanga, ngati anali ataigwira kale foniyo m'manja, ndipo anati adzafika akaweruka.

Anafika dzuwa litangolowa, magetsi atathima komboni yonse. Utsi wa mbaula unali utaphimba njira, ndipo m'shopu munkayaka kandulo imodzi. Maggie anali chigonere kuchipinda. Isaiah analowa ndi kachikwama kake, tayi ili pakhosi, n'kupereka moni mwaulemu monga poyamba.

"Malaiti kulibe, ba Isaiah," anatero Mwanaima. "Muzaiona bwanji?"

"Osavutika, amai. Nizayembekeza." Anakhala pampando, n'kusisita kompyutayo pamwamba. Kenaka anakweza maso kuyang'ana katani. "Muli mweka?"

Funsolo linali wamba, koma Mwanaima anamva tsitsi likumuimirira. Kuseri kwa katani kunamveka kapu ikugwa. Mwanaima anapepesa n'kulowa. Anamupeza Maggie atadzipanikiza pakona, manja onse awiri ali pamimba, mano akugundana. Maggie anamukokera Mwanaima pafupi mpaka milomo inakhudza khutu.

"Ni beve," ananong'ona. "Ni Lazarous. Mau aya niyaziba."

Mwanaima anaima osagwedezeka. Zonse zinamubwerera pamodzi: kuti mwamuna wa Maggie ankagwira ntchito ya makompyuta asanachotsedwe, kuti anabwera tsiku limene Maggie kunalibe, kuti pasiwedi anaipereka yekha ndi pakamwa pake. Ndipo lero wamutsegulira yekha chitseko. Nyumbayo inali ndi khomo limodzi, ndipo munthuyo anali pakati pa iwo ndi khomolo.

Mthunzi unakula pakatani. Mawu anabwera ofewa, achikondi.

"Maggie. Shawelo unaikonda?"

Mwanaima anatola chidebe cha madzi chopanda kanthu n'kuyamba kuchimenyetsa kukhoma lolekanitsa nyumba yake ndi ya amalume ake, akukuwa ndi mphamvu zonse ngati waona mbala: "Amalume! Kawalala! Kawalala!" Katani inathothoka. Dzanja linamukankhira pambali, lina linagwira Maggie pamkono n'kuyamba kumukoka. Maggie anakakamira mwendo wa bedi. Kandulo inagwa n'kuzima, ndipo mumdimamo munangomveka bedi likukhwekhwereza pasimenti ndi mawu aja, osakwera ngakhale pang'ono, akubwereza kuti, "Tiye kunyumba. Tiye chabe kunyumba."

Ba Sultan analowa ndi nyundo yawo yosulira. Kumbuyo kwawo kunali anthu omwe aja ankafuna kuwotcha kompyuta, ena atanyamula miyala imene anakonzera denga la Mwanaima. Nyundo inamupeza Lazarous paphewa. Anamusiya Maggie, anadutsa pakati pa anthu asanazindikire kuti wothamangitsidwa ndi uti, n'kulowa m'tinjira ta pakati pa nyumba. Achinyamata anamutsata mpaka kungalande, koma anabwerera ndi tayi yokha.

Usiku umenewo nyumba inadzaza. Mnyamata uja wa za vairasi anafotokoza kuti munthu akhoza kuikonza kompyuta kuti izidzuka foni ikalira, n'kumaiyendetsa ali kwina. Mayi wa makala anati zimenezo n'zimene iye ankanena, kuti ndi ufiti basi, kungoti wa tayi. Amayi ena anamupangira Maggie phala, ndipo kwa nthawi yoyamba linakhazikika. Onse anagwirizana kuti munthu wothyoka phewa akabisala kwa abale ake masiku angapo, ndipo Maggie achoke mpata ulipo.

M'bandakucha Mwanaima ndi Ba Sultan anamuperekeza kukakwera basi ya ku Chipata. Maggie anakhala kuzenera, atadzifunditsa chitenje cha Mwanaima kumutu. Basi ikunyamuka anamwetulira pang'ono, ndipo Mwanaima anazindikira kuti mano a mtsikanayo anali asanawaonepo.

Anabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Anasesa zidutswa za kapu ija, anapachikanso katani, anaphika tiyi. Magetsi atabwera masana, analumikiza kompyuta, chingwe cha foni atachisiya pambali, kuti afufute zonse za Maggie. Anatsegula maimelo aja. Ali mkati mowafufuta, maso ake anagwera pa imelo ina ya Towela, imene kamuvi kaja kanaitsitsa pang'onopang'ono usiku uja iwo akuonerera. Towela anali atalongosola bwinobwino: ukadzathawira kuno udzatsikire pakuti, udzafunse shopu yakuti, ine ndimakhala kuseri kwake.

Tiyi anamuzizirira m'manja. Analumikiza foni n'kuimba ku shopu ya ku Chipata. Inalira nthawi yaitali munthu asanainyamule.

"Ba Towela? Nine Mwanaima, ku Kanyama. Maggie wafika?"

"Awe, basi ikalibe kufika," anayankha Towela mosangalala. "Koma zikomo maningi potumiza munthu. Afika kuseni na basi ya usiku."

"Munthu uti?"

"Aba ba Isaiah. Bakamba ati ndimwe mwabatuma kuti bamulandile, pakuti adwala." Towela anali asanamuonepo mlamu wake, popeza ukwati wa Maggie unali wongotengana m'tauni. "Ni baulemu, shuwa. Kwanja kubababa koma bakana kupumula. Bayenda kale ku steshoni."

Mwanaima anakuwa dzina la Lazarous, anakuwa kuti Towela athamange, atenge amuna, asamusiye Maggie atsike yekha. Anamva foni ikugwera patebulo kutsidyako, mapazi akuthamanga, chitseko chikumenyetseka. Palibe anaibwezera pamalo pake.

Anakhala choncho, foni ili kukhutu, akumvetsera shopu yopanda munthu ya ku Chipata. Kunkamveka wailesi ikuimba motsitsa, njinga ikudutsa, mwana akulira patali. Ndipo patapita nthawi, chapatali kwambiri, anamva hutala ya basi ikulowa m'tauni.