Posauma Pabalaza pa a Levulo

Amene anawalakwira a Levulo ndi mng'ono wawo wa bere limodzi, mwini chigayo uja, ndipo zinachitika chaka chimene mwana wawo wamkazi, namwino, anawamangira nyumba. Dzina la Levulo analitengera ku ntchito yomanga, poti sankafuna kuona khoma lopendekeka. Moyo wawo wonse anamangira ena, iwo akugona modontha. Sukulu makolo anapititsako mng'onoyo. Chigayo anasiyira mng'onoyo. A Levulo anangolandira fosholo. Chimodzi chokha ndicho anamuposa nacho: mkazi amene anakana wachigayo pa unyamata anadzalola iwo. Munthu wokhuta ameneyu sanaiwale, ndipo atamva kuti nyumba yafika pa denga, tulo tinamuthawa.

Tsiku lothira konkire pansi wachigayo anatulukira atapinda malaya.

"Achimwene, ndipatseni fosholo ndikuthandizeni."

"Alamu, lero dzuwa latulukira kuti?" anaseka mayi a namwino.

Iye sanaseke. Anasankha pakati pa balaza, n'kuwerama pamenepo nthawi yaitali ngati wagwetsa singano. Atawongoka anati, "Pamwambapa muikepo matailosi. Ndigula ndine."

"Matailosi amasweka, bambo aang'ono," anatero namwino. "Ndiponso msana wa amayi sungathe kukwecha m'mizere muja. Konkire yomweyi ikalimba tidzaipalitsa ndi makina, iwale ngati galasi."

"Kupala? Amapala kufika pati?"

"Amadya pamwamba ponse mpaka miyala ya m'kati ionekere."

Wachigayo anasiya fosholo osatsuka, n'kuchoka osatsanzika.

Konkire yatsopano imafuna madzi kuti isang'ambike, ndiye madzulo alionse a Levulo ankatenga ndowa n'kumawaza. Mayi a namwino ankawatsatira opanda nsapato, akutsalaza madzi ndi tsache, akulongosola pamene adzaike tebulo. Atasiya kuthirako, pansi ponse panauma n'kuyera. Panatsala pamodzi, pakati pa balaza, pakulu ngati chivindikiro cha poto. Pamenepo sipanaume. A Levulo anapagwira ndi chikhatho, n'kumva kufunda ngati mimba ya mbuzi. Panatulukanso fungo ngati la nyama yoiwalika m'thumba.

Galu wawo, amene ankagona paliponse pozizira, anayamba kuthera pakhomo, ubweya uli nyankhalala. M'mawa wina anamupeza atauma pamenepo, mapazi onse anayi atatupa. Nkhuku imene inalowa kukajompha nyerere inatuluka ikukwawa. Masana, mukakhala zii, pansipo pankamveka kukanda, kwe, kwe, ngati chikhadabo m'kati mwa bokosi. Anthu odutsa anayamba kulambalala mpanda. Ena ankati namwino wamanga ndi magazi a odwala. Pakamwa pa anthu ndi pomwepo: wosauka akamanga ndiye kuti wakhwima, wolemera akamanga akuti ndi khama.

Kenako zinagwira mayi a namwino. Zala za kumapazi zinachita dzanzi, zidendene zinatupa, kutupako n'kumakwera. Mwana wawo anawatengera kuchipatala, anawapima zonse, sanapeze kanthu.

"Bambo ake," anatero mayiwo tsiku lina ali gone pamkeka, "ndikumva ngati mapazi anga aumira m'simenti."

"Usayankhule choncho."

"Dzulo zinali m'maondo. Lero zafika m'chiuno. Zikafika apa," analoza pachifuwa, "mudzalowa nokha m'nyumba yanuyo."

Wachigayo ankabwera kudzazonda atanyamula shuga, koma maso ake sankakhala pa wodwala. "Achimwene, zamakinazi zisiyeni. Tsekani pansipo, matenda amachokera ku chinyezi." A Levulo ankangomuyang'ana. Munthu amene sanawagulirepo ndi msomali womwe.

Wamakina anafika m'mawa wina, bambo wonenepa wa fumbi m'nsidze. Anathira madzi pansi, n'kuliza chimakina chake. Chinayamba kungodya kumakona, thope lotuwa likuyenderera, timiyala tikutuluka tosalala. Phokosolo linamveka mpaka kuchigayo. Posakhalitsa kunatulukira lole itadzaza makatoni a matailosi, wachigayo atakhala kutsogolo. Anatsika isanaime bwino.

"Zimitsani! Ndabweretsa, achimwene, si awa? Aulere."

Makina anali atafika m'mphepete mwa posauma paja. Liwu lake linasintha, likulira ngati nkhumba. Thope lotuwa lija linayamba kufiira. Fungo linadzaza nyumba yonse, namwino n'kutseka mphuno ndi nsalu. Wachigayo anagwa chokhala pakhonde, akuvula nsapato mwaphuma. Sokosi inatuluka ndi khungu la kuphazi.

Wamakina anazimitsa. Anakankha thopelo ndi bulashi. Pakati pa miyala yosalalayo panaonekera mfundo ya nsalu yakuda yodulidwa pakati, ndipo m'kati mwake munali imvi, zikhadabo za kumapazi, ndi kachidutswa ka mpango wamaluwa umene mayi a namwino anauyanika chaka chatha n'kusaupezanso. Zonsezo zinamangidwa ndi chingwe cha nsapato yachimuna, ndipo chingwecho chinkatuluka magazi.

"Madala," anatero wamakina chonong'ona, "izi sindinalembedwere."

"Achimwene," analira wachigayo, "ndamangidwa nazo pamodzi. Mukapala, mukupala ine. Tinayamwa bere limodzi."

A Levulo anayang'ana kunyumba yakale, kumene mkazi wawo anagona osatha kutembenuka. Anayang'ana mng'ono wawo, ndi wotchi yake, ndi lole yake.

"Kwatsala kuya bwanji?" a Levulo anamufunsa wamakina.

"Ngati chala."

"Choka, ndigwire ndekha."

Analiza makina aja, n'kuwakanikizira pamenepo ndi thupi lawo lonse. Kukuwa kwa pakhonde sanakumve bwino, poti makinawo ndi aphokoso. Anasiya pamene thope linayambanso kutuwa.

Madzulo a tsiku lomwelo mayi a namwino anapinda maondo okha n'kupempha madzi osamba. Sabata isanathe analowa m'nyumba yatsopano akuyenda, atagwira khoma.

Wachigayo anthu anamukweza pa lole yake, pamwamba pa makatoni. Sanapondenso pansi. Anamwalira mvula isanagwe, ndipo ana ake anagulitsa chigayo mwezi womwewo.