Amene Anazimitsa Makina

Mtembo unali chafufumimba pansi pa makina, dzanja limodzi litagwira mwendo wa tebulo. Panalibe magazi kapena bala. Inspekitala anafika Lolemba cha m'ma 8 koloko m'mawa, mawondo akumuwawa monga mwa masiku onse. Pakhomo pa chipinda choyeseramo anamulanda foni, machesi ndi makiyi a galimoto n'kuziika m'bokosi, akuti muno kamoto kakang'ono kangathe kusasula denga. Sanatsutse. Upolisi unali utamuphunzitsa kalekale kuti nyumba iliyonse ya maliro ili ndi malamulo ake.

Womwalirayo anali injiniya wamkulu wa kampaniyo. Amene anapeza mtembo anali injiniya mnzake, mayi wa magalasi ochindikala, ndipo ndi iyeyo anafotokozera Inspekitala ntchito yawo. Makinawo ankawatcha selo. Anali mbale zopyapyala zothinana pamodzi, zolandira mpweya wa haidrojeni mbali ina ndi mpweya wamba mbali ina, n'kutulutsa magetsi. Utsi palibe, chotsala ndi madzi basi, amene amadonthera m'ndowa pansi pa tebulo. Panalinso mpweya wa nayitrojeni wotsukira mapaipi. Umenewo sununkha, suoneka, koma ukadzaza m'chipinda munthu amangomva ngati tulo, osadzukanso.

Dokotala anatsimikiza zomwezo: munthuyo anabanika Loweruka masana, ali yekha pantchito. Polumikizira silinda ya nayitrojeni apolisi anapeza pali pokhwefuka.

Inspekitala anafunsa antchito mmodzimmodzi. Womaliza anali injiniya wachikulire amene aliyense ankamutcha a Madontho, chifukwa m'mawa uliwonse ankayamba n'kumvetsera kudontha kwa madzi m'ndowa asanapereke moni kwa munthu. Ndi iwo anapanga seloyo kuchokera pa mbale yoyamba. Ananena kuti Loweruka anachita kugona kunyumba ndi msana. Podzuka pampando anafunsa funso limodzi lokha, ngati apolisi anakhudza makina.

Dzuwa lisanapendeke, wolakwa anali atapezeka kale, kapena tinene kuti akuluakulu a kupolisi anali atamupeza. Anali dalaivala wa kampani yogulitsa gasi. Ndi iye anamanga masilinda Lachisanu, ndipo tsiku lomwelo womwalirayo anamutukwana pamaso pa anthu kuti ndi mbuli yosadziwa kugwira sipanala. Dalaivala anayankha kuti adzaonana. Mboni zinalipo, mkwiyo unalipo, polumikizira panali pokhwefuka. Mkulu wa polisi anati Lachitatu mlandu ukalowe kukhoti, iye sakufuna zambiri.

M'chipinda chofunsira mafunso dalaivala uja ankangopukuta manja pathalauza.

"Bwana, ndinamanga mpaka dzanja kuwawa. Ndinapaka madzi a sopo, thovu silinatuluke. Mawu aja ndinangonena ndi mkwiyo. Ine ndiphe munthu chifukwa cha kunditcha mbuli? Amene ananditchapo mbuli ndi angati?"

Inspekitala anali atatopa ndi anthu olira, olakwa ndi osalakwa omwe, ndipo mtima wina unkamuuza kuti asaine mapepala akapumule. Koma potuluka anapeza mkazi wa dalaivala ali pabenchi, kambale ka chakudya kali pamwendo. Mayiyo sanapemphe kanthu, anangosendeza miyendo kuti Inspekitala adutse. Zimenezo zinamuwawa kuposa kulira.

Lachiwiri m'mawa anabwerera kukampani kuja, Sajeni wake akung'ung'udza kuti akukumba pokumbakumba. Inspekitala anati galu wamkota sakandira pachabe, ngakhale kuti iye mwini sankadziwa chimene ankakanda. Mawondo atamuvuta anakhala pakampando kafupi, ndipo ali pamenepo anaona pansi pa tebulo. Ndowa ija inali yovundikira, youma gwa.

Anaitana mayi wa magalasi n'kumufunsa chimene womwalirayo anabwerera Loweruka. Mayiyo anati kunali kuyesa kwa mtundu wina, kumene iwo amati kuyesa mpaka kufa. Ofuna kugula luso lawo ankafuna kudziwa kuti seloyo ingapirire mpaka pati, choncho bwana wawo, womwalirayo, anakonza zoikakamiza mpaka mbale zake zitapsa.

"Ndiye kuti makinawa anafa?"

Mayiyo anayang'ana pa makinawo, kenaka anayang'ananso bwinobwino, akukonza magalasi. Anagwira mavalavu otsekera mpweya limodzilimodzi. Onse anali otseka. Kukamwa kwa paipi iliyonse kunali kachivindikiro kake. Anayatsa kompyuta, ndipo inasonyeza kuti kuyesa kuja kunalekezedwa pakati, magetsi n'kutsitsidwa pang'onopang'ono.

"Ali moyo," anatero ndi mawu otsika. "Wina anawazimitsa, ndiponso anawazimitsa mwaulemu. Zimenezi zimatenga pafupifupi ola. Ukathamanga mbale zimang'aluka."

Inspekitala anafunsa ngati sangakhale bwana yemweyo asanagwe. Mayiyo anapukusa mutu. Bwana anabwera kudzawapha makinawo, osati kudzawalera. Ngakhale masiku abwino ankangomenya batani lofiira n'kumapita, ndipo ndowa sanaikhudzepo chibwerereni. Dalaivala ndiye sakanadziwa n'komwe valavu yoyambira.

"Nanga madzi a m'ndowa amapita kuti?"

Mayiyo anatembenukira kukhonde, kumene kunali duwa lalikulu mumphika pafupi ndi windo. Patapita kanthawi anati Lachisanu duwalo linali lofota. Tsopano linali litadzuka, ndipo m'mbale ya pansi pa mphika madzi anali adakalimo. Pakampani ponse munthu mmodzi yekha ndiye ankalithirira ndi madzi a selo, ena ankataya kusinki.

A Madontho anawabweretsa kupolisi cha m'ma 2 koloko masana. Anakhala mwaulemu, chipewa chili pabondo. Inspekitala sanakweze mawu, analibenso mphamvu zokuwira. Anangowatchulira zinthu zija chimodzichimodzi: mavalavu, zivindikiro, ndowa yovundikira, duwa.

"Achikulire, munthu wogona kunyumba ndi msana sathirira duwa kuntchito. Zonse munakonza bwino, zikanatha ngati ngozi. Koma manja anu anakana kusiya makina ali chiyatsire."

Nkhalambayo inatembenuza chipewa pabondo. Itayamba kulankhula, sinafunenso kufunsidwa. Inati seloyo inaidyera unyamata wake wonse wotsala, mkazi wake anamwalira iyo ili kuntchito ikuthina mbale. Pamene bwana anafufuta dzina lake pamapepala a lusolo n'kulembapo lake, inameza malovu, poti dzina si kanthu. Koma itamva za kuyesa mpaka kufa inapita kukagwada, kupempha kuti apange selo ina yoti aiphe. Bwana anaseka, anati nthawi palibe, ndipo chitsulo sichilira maliro.

Loweruka a Madontho analowera chipata cha kumbuyo. Ali panja pa chipinda anazimitsa fani ndi alamu, natsegula nayitrojeni yense. Anaima pawindo mpaka munthu atagwa, nadikirabe. Kenaka anayatsa fani, mpweya utayera analowa kukazimitsa makina. Pomaliza anakhwefula polumikizira silinda kuti zioneke ngati ngozi.

"Za dalaivala sindinaganize," anatero. "Ndinkati azingoti chakudza sichiimba ng'oma."

"Mwina munthu uja anali adakapuma pamene munkalowa," anatero Inspekitala.

"Sindinayang'ane."

"Ola lathunthu, ali pamapazi panu?"

"Ndinkamudumpha popita kumavalavu. Haidrojeni sadikira, bwana. Ukachedwa mbale zimauma."

Inspekitala anaika cholembera pansi. Anali ataona opha chifukwa cha akazi, malo ndi mowa, ndipo onsewo ankawamvetsa pang'ono. Uyu anamutopetsa mpaka m'mafupa, chifukwa ankalankhula ndi chikondi chenicheni, ndipo m'chikondi chonsecho munalibe malo a munthu.

Sajeni atabwera ndi unyolo, a Madontho anatambasula manja okha. Pakhomo anaima n'kutembenuka.

"Mukamuuze mayi uja azinyowetsa mbale Lachisanu lililonse. Zikauma, basi."

"Makina ndi umboni tsopano, achikulire. Chipinda tatseka mpaka mlandu udzathe, ndipo palibe wolowamo."

Apo m'pamene nkhalambayo inalira, koyamba chiyambire Lolemba. Inspekitala sanadikire kuti itonthole. Anatenga makiyi a chitolokosi, natsika masitepe pang'onopang'ono atagwira khoma, kukauza mayi wa pabenchi uja kuti chakudyacho mwamuna wake akadyera kunyumba.