Kakhomo ka Lotfi pa Fayawolo

Madzulo amenewo ndinatsala ndekha mu ofesi. Kampani yathu imagulitsa mafuta a maolivi kuno ku Sfax, ndipo woyang'anira makompyuta ndine. Akuba anali atalowa m'makompyuta a kampani yoyandikana nafe, ndiye abwana athu, a Moncef, mantha anali atawagwira.

"Wided mwana wanga, tseka zonse," anatero masana. "Maakaunti a anthu amene anachoka, zimitsa. Mipata ya pa fayawolo, tseka." Kenako anayang'ana pansi. "Ndi ya malemu yomwe. Zikakukanika ndiitana wina."

Malemuwo anali mwamuna wanga, Lotfi, yemwe ankayang'anira katundu wopita kudoko. Kuntchito kwathu tebulo la womwalira salikhudza mpaka banja litachita duwa yomaliza, mapemphero a Chisilamu opempherera malemu. Duwa inachitika kalekale, koma palibe analimba mtima kundiuza kuti tichotse. Kapu yake ya khofi inali pompo. Akaunti yake inali chitsegukire.

Ndinayamba ndi makompyuta a ena. Kusintha mawu achinsinsi, kulanda mphamvu zosayenera, kutseka. Anthu akenso, wina mawu achinsinsi anangoika dzina la mphaka wake. Sindinaseke. Chimwalirireni Lotfi mumtima mwanga munali zii.

Fayawolo ndi mpanda basi, wotchinga alendo kuti asalowe m'makompyuta a kampani. Pa mpanda umenewo abwana analola kuti Lotfi akhale ndi kakhomo kake, azilowa mu kompyuta yake ali kunyumba. Ankatero madzulo aliwonse akatha kuswali, kuona ngati sitima zanyamuka.

Kumzikiti atangomaliza kuswali, sikirini ya Lotfi inayaka.

Pampando panalibe munthu. Kamuvi kolozera ka pa sikirini kanayamba kuyenda kokha pang'onopang'ono, kakunjenjemera monga linkachitira dzanja lake atadwala. Kanatsegula tsamba la sitima.

Ndinayang'ana kumene wolowayo akuchokera. Kunali kunyumba kwathu. Laputopu yake ndinali nditaifufuta zonse n'kupatsa mphwake wa ku Gabès. Nyumba ndinaisiya yokhoma.

A Hedi, alonda athu, anasuzumira pakhomo, tiyi ali m'manja.

"Abweranso?" anafunsa, ngati akufunsa za mvula.

"Mumadziwa, amalume?"

"Madzulo aliwonse. Savuta munthu. Amaona sitima zawo n'kumapita. Asiyeni, mayi."

"Polowera iye, wakubanso alowera pompo."

A Hedi anangopukusa mutu n'kubwerera kugeti.

Ndinadikira kuti wolowayo amalize kuwerenga. Tsamba linatsika mpaka pansi. Kenako ndinatseka kakhomoko, n'kuzimitsa akauntiyo. Kamuvi kanaima pakati pa sikirini, osasunthanso. Ndinkayembekeza kuti zindiwawa. Sindinamve kanthu. Ndinatenga kapu yake ija n'kukaitsuka.

M'mawa a Moncef anandithokoza osandiyang'ana m'maso.

Madzulo ake ndili kunyumba, swala itangotha, ndinamva kugogoda. Sikunali kwa chibakera ayi. Kunali kwa mphete pachitsulo cha chitseko. Lotfi yekha ndiye ankagogoda choncho, akaiwala makiyi, ndipo ankaiwala kawirikawiri. Ndinasuzumira pakabowo. Pamasitepe panalibe munthu.

Ndikumva kuti a Hedi akuuza anthu monong'ona kuti malemu atawatsekera kuntchito analibe kwina kopita, ndiye abwerera kwawo. Mwina n'zoona.

Amabwera madzulo aliwonse. Ine sindinatsegulebe. Ndimangokhala pansi, msana kutsamira chitsekocho, mpaka atasiya.