Mabokosi a Mawigi Amene Anakana Kulira

Lolemba cha m'ma 8 koloko m'mawa, kunyumba yosungiramo katundu kunavuta. Mabokosi a mawigi makumi asanu ndi limodzi anali atasowa. Mawigi enieni, aja ofika m'chiuno, amene akazi amavala akafuna kupsetsa mtima apongozi.

Bwana anatuluka thukuta mpaka m'makutu. Anaitana apolisi, ndipo 9 koloko isanakwane anatulukira Sajeni, mayi wamfupi wa maso okhala ngati akukuwerenga nthiti.

Chala chinaloza Mayi Pii. Mayiwa anali atagwira ntchito pakhomo lotulutsira katundu zaka khumi ndi zinayi. Bokosi lililonse lotuluka linkakhala ndi lebulo ya bakodi, timizere takuda tija, ndipo iwo ankaiunika ndi sikana mpaka ilire kuti pii. Dzina lawo linachokera pamenepo. Tsono bokosi lingatuluke bwanji osalira, ngati iwo sanatsinzine dala?

Mayi Pii anafotokoza kuti mabokosi ena ankakana kulira, ndipo otere ankawatumiza kuchipinda chakumbuyo kuti Alamu akawamate malebulo ena. Alamuwa anali mchimwene wa mkazi wa Bwana, ndipo ndiwo ankapanga malebulo pakompyuta. Anakana kwamtuwagalu. Anati kuchipinda kwawo sikunafike bokosi n'limodzi lomwe, n'kuwonjeza kuti anthu ena akamakalamba manja amayamba kuwayabwa.

Bwana anakhulupirira mlamu wawo. Mayi Pii anakwezedwa m'galimoto ya polisi atadzifundika nsalu kumutu. Ntchito inali itawathera, ndipo ndende inali pafupi.

Lachiwiri 10 koloko Sajeni anabweranso ndi Mayi Pii kuti amuonetse mmene ankagwirira ntchito. Anapeza lole ikudikira mabokosi mazana atatu. Alamu anali asanafike, ati mutu ukuwawa, choncho Bwana anali atasindikiza okha malebulo, kumangodina pamene ankaona mlamu wawo akudina.

Sajeni anatenga sikana. Bokosi loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Anaipukuta pa siketi, anaigwedeza, anaisuzumira ngati akugula mbuzi. Mabokosi makumi awiri amene anayesa, onse anangoti duu.

Mayi Pii anamatula lebulo yakale pa bokosi la pakona n'kuiika pafupi ndi yatsopano. Yakaleyo mizere yake inali yonenepa, yotalikirana bwino. Yatsopanoyo inali yoonda, yothinana ngati anthu m'basi, mwina inki itagwirana.

"Ndi omwewa, mwana wanga," anauza Sajeni. "Onse okana aja ankaoneka chonchi. Ine ndinkati ndi maso angawa."

Alamu anafika 11 koloko atagwira chipumi. Sajeni anawakhazika pakompyuta, n'kuwauza kuti atsegule pulogalamu ya malebulo. Pamalo osinthira kuthinana kwa mizere panali nambala 4. Atafunsidwa nambala ya masiku onse, Alamu anati mutu wawaiwalitsa. Tsoka ilo, pakhoma panali kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo lomwe kuti nambalayo izikhala 13, asaisinthe munthu.

Sajeni anati aike 13 asindikize imodzi. Anaiunika. Pii! Amayi olongedza katundu anaomba m'manja mpaka dalaivala wa lole anabwera chothamanga, akuyesa kwafika malipiro.

"Alamu, nanga 4 ameneyu wadziika yekha?" anafunsa Bwana.

"Mwina ndi magetsi, alamu."

Sanali magetsi. Sajeni anatsegula mndandanda wa zonse zosindikizidwa. Malolemba asanu ndi limodzi otsatizana, wina ankafinya mizere, kusindikiza malebulo khumi, kenako n'kubweza nambala pa 13. Dzina lolowera pakompyuta linali la Alamu. Dzulo lake anali atangofinyanso pamene phokoso la kusowa kwa mabokosi linabuka, ndipo chifukwa cha befu anaiwala kubweza. Pulogalamu nayo, mwana womvera, inasunga nambala imene anaisiyira.

Alamu anapempha kupita kuchimbudzi. Panapita mphindi zisanu. Belu la chakudya chamasana linalira, amayi olongedza anayamba kutuluka, ndipo pakati pawo panali dona wamtali, tsitsi lofika m'chiuno, akuyenda mondondoza ataphimba kukamwa ndi chikwama cha mwini.

"Gwirani achemwali a ndevuwo!" anakuwa Mayi Pii.

Dona analiyatsa liwiro. Analumpha mabokosi awiri, wigi inakola pa chitseko cha lole, ndipo amayi asanu ndi atatu anamukhalira pamsana mpaka Sajeni anafika ndi unyolo.

Kupolisi Alamu anaulula zonse asanapatsidwe n'komwe mpando. Mabokosi okana aja ankatuluka pakhomo lakumbuyo m'galimoto yotaya zinyalala. Makumi anayi anapezeka kunyumba kwa dalaivala wake, ena mpaka kudenga. Khoti linapatsa Alamu zaka zitatu, dalaivala ziwiri.

Bwana anapita okha kwa Mayi Pii chipewa chili m'manja, kukawapempha kuti abwerere pantchito. Mayiwo anawapatsa mpando wothyoka mwendo, n'kuwasiya apepese mpaka malovu kuuma.

"Ndibwera Lolemba," anatero. "Koma mukauze akazi anu nokha. Ine ku khoti anandiyang'ana moipa."