Zipika Zimene Mzime Sanasende

Kunyumba kwa kapitawo wa munda wa paini kunali mtendere. Jombo zinkavulidwa pakhonde, pemphero linkayamba chakudya chisanafike pakamwa. Mzime wa m'nyumbamo atamaliza sukulu, bambo ake anamulowetsa ntchito.

Chaka chimenecho m'mundamo munalowa tizilombo toboola makungwa. Mtengo ukagwidwa unkatulutsa utuchi, masamba n'kufiira, basi wafa. Wotere ankaulemba penti yoyera n'kuudula.

"Mwanawe," anatero kapitawo, "chipika chilichonse usende, makungwa uotche tsiku lomwelo. Mazira ali m'menemo."

Koma dalaivala wina wa lole yonyamula zipika anali ndi pakamwa pa shuga.

"Aise, matuza onsewa ukufera chiyani? Ndibisire zipikazi, ogula ndili nawo. Kachilombo kosakwana mpunga n'kumakuopsa, mwamuna wamkuluwe?"

Mzime anagubuduzira zipika zosasenda m'chigwembe, pakati pa mitengo yabwinobwino imene bambo ake anabzala chaka chimene Mzimeyo anabadwa. Anazifunditsa nthambi, n'kuotcha zinyalala kuti utsi uoneke.

"Waotcha?"

"Ndaotcha, bambo."

Dalaivala uja anasamutsidwa asanatenge zipikazo, osatsanzika n'komwe. Mzime atapita kukasuzumira, anakanganula khungwa limodzi. Pansi pake panali tinjira tokhotakhota, tizilombo titauluka kale. Pamtengo woyandikira utuchi unkayoyoka pang'onopang'ono. Anabwezerapo nthambi zija n'kubwerera kunyumba.

"Bwanji sukudya, mwanangu?" anafunsa mayi ake.

"Mutu, amayi."

Akanaulula tsiku limenelo, mitengo yambiri ikanapulumuka. Koma mantha anamutseka pakamwa. M'mawa uliwonse ankasuzumira pawindo, kufiira kwa masamba kukuyandikira nyumba.

Kapitawo analondola kufiirako mpaka pamene kunayambira. Anavundukula nthambi, napeza zipika zokhala ndi penti ya dzanja lake lomwe. Mwini munda analamula kuti chigawo chonsecho chidulidwe, kapitawo atule ntchito ndi makiyi a nyumba.

Akumanga katundu, makina odulira mitengo akulira kuseri, Mzime anagwada.

"Ndine, bambo. Sindinaotche."

Bambo ake sanakweze dzanja kapena mawu. Anangoyang'ana mtengo wina ukugwa.

"Ndinadziwa nditangoona zipika zija. Mitengo imeneyi ndi ya msinkhu wako, mwanawe. Ndinkati mudzakulira limodzi."

Iwe wachinyamata, tchimo lobisa silikhala phee pamene walisiya. Limaswana, limauluka, ndipo limayamba kudya za kwanu. Ulula lisanamere mapiko.