Thabwa Lopanda Pakati

Lena anaima pakhomo pa shedi yosungiramo usipa, manja ali penti yekhayekha, akuyang'ana mayi Rukiya amene ankabwera m'kanjira ka kunyanja atafunda mpango wachikasu. Mayi ameneyu sanaitanidwe.

Amayi a Lena, a Molly, anamwalira nyengo ya mvula. Anali telala wa gulu la amayi ogulitsa usipa kwa Maganga, ndipo anasoka chofunda cha zigamba ndi tizidutswa ta zitenje za amayi onse a m'gulumo. Ankachikonda kwambiri moti tsiku la maliro achibale anachiika m'bokosi. Chinangotsala m'mutu mwa Lena, ndipo m'menemo chinayamba kusuluka. Akatseka maso kuti achione, mbali zina zinkasowa, iye n'kulira ngati amayi ake amwaliranso.

Choncho anapempha thabwa lalikulu ndi penti wotsala kusukulu kwawo. Anayenda khomo ndi khomo kuitana amayi kuti Loweruka adzaphunzire kupenta, aliyense adzajambule chigamba chake pomwe chinali, kenaka thabwalo alipachike pa shedi.

Koma chinali chaka chimene anthu anali atangovotera zipani zambiri, ndipo ngakhale mitundu ya zovala inali itagawanidwa. Wovala zachikasu ankati ngwa uku, wovala zobiriwira ngwa uko. Nthochi yakupsa ikanakhala ndi pakamwa, nayonso akanaifunsa chipani chake.

"Ukaitana Rukiya, ine ndi anzanga sitipondako," anatero azakhali ake, a Chisoni. "Ndipo penti wachikasuyo ubise."

Lena ankadziwa bwino kuti mayi Rukiya ndi amene ankagona pansi kuchipatala kudwazika amayi ake, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Koma anadziuza kuti kutaya munthu mmodzi n'kwabwino kusiyana ndi kutaya gulu. Chitini chachikasu anachikankhira kuseri kwa matumba.

"Odi, mwanangu," anatero mayi Rukiya atafika pakhomo. "Ndamva kuti mukupenta chofunda cha Molly."

"Eee, amayi. Koma maburashi ndi ochepa."

Mayi Rukiya anasuzumira mkati. Maburashi awiri anali gone pamkeka, opanda wowagwira.

"Palibe kanthu. Ndikhala pakona apo n'kumangoonerera."

M'shedimo a Chisoni anatsokomola chifuwa chimene analibe.

"Mwina tsiku lina, amayi," anatero Lena, maso ali pansi.

Mayi Rukiya anamuyang'ana kumaso. "Wakula, Lena. Nkhope yonseyi ndi ya mayi ako. Mulungu akusunge." Anakonza mpango wawo n'kubwerera.

Ntchito inayenda. Lena anawaonetsa kulemba mizere ndi ulusi wopaka makala, ndi kukhula burashi pamlomo wa chitini kuti penti asadonthe. Amayi amene moyo wawo wonse anangozolowera kutsira mtsiro m'nyumba ankagwira burashi ngati mthiko, akusekana. Aliyense anakumbukira chigamba chake. Wina anati chake chinali cha chitenje chimene anaberekera mwana woyamba, wina cha chitenje chimene mbuzi inadya mbali imodzi. Pang'onopang'ono chofunda chinayamba kudzuka pathabwa, ndipo Lena anamva ngati amayi ake ali pafupi.

Atamaliza m'mbali monse, pakati panatsala poyera.

"Apa panali chiyani?" anafunsa Lena.

Amayi anayang'anana. Wina anati duwa, wina anati nsomba. Kenaka mayi Lucy, amene sadziwa kubisa mawu, anaika burashi pansi.

"Tisanamizane. Apa panali nsalu ya Rukiya, ija anavala pa ukwati wake zipani zisanabwere. Yachikasu. Anadula okha awiriwo ndi Molly, ndipo mmene anailumikizira akudziwa ndi Rukiya yekha."

A Chisoni anayamba kufufuta penti pachala.

Lena anathamanga osavula n'komwe thumba limene anadzimangira m'chiuno. Atafika kwa mayi Rukiya anapeza chitseko chili pululu, m'nyumba mulibe ngakhale mkeka. Salma, mtsikana wa nyumba yoyandikana, ankasesa pabwalo.

"Apita ndi lole ya usipa," anatero Salma. "Asamukira ku Nkhotakota, kwa achimwene awo. Akuti kuno atopa n'kulozedwa zala. Sunawaone? Anachonderera dalaivala kuti adikire, ati sangachoke osatsanzika mwana wa Molly."

Lena anakhala pansi pakhonde lopanda mwini n'kulira. Sankalira amayi ake okha tsopano. Ankalira mawu ake omwe, a maburashi ochepa aja.

Atabwerera anapeza amayi akadali pomwepo. A Chisoni anamuyandikira ndi chitini cha penti wobiriwira, mawu awo atafewa.

"Bwera, mwana wa achimwene. Tingodzazapo ndi uyu, palibe adzadziwe."

"Ine ndidzadziwa, azakhali," anayankha Lena.

Anagwira thabwalo mbali imodzi, mayi Lucy n'kugwira inayo. Analikhomera pakhoma la shedi pakati pali poyera chomwecho, ndipo palibe amene anawomba m'manja.